ZA MIYESO YA MADZI NDI MAFUTA: PAINTI, GALONI NDI LITA

Ku Msoro, m'cigwa ca Luangwa, akulu akumbukirabe masiku aja pamene palafini anali kudza m'matini a magaloni 4. Lero mafuta, mkaka ndi mankhwala ziyesedwa ndi lita. Koma dzina la galoni silinacoke pakamwa pa anthu, ndipo apa mpamene ambiri asokera.

Pakuti magaloni ali amitundu iwiri. Wa ku England, wokhazikitsidwa m'caka ca 1824, ndiye muyeso wa madzi olemera mapaundi 10, ndipo alowa malita 4.546. Wa ku America acepa, alowa malita 3.785. Pamsikanso anthu acha cigubu ca malita 5 galoni. Koma lita, imene inayamba ku France m'caka ca 1795, iri imodzi ponse ponse: ndiyo mamililita 1,000, ndipo madzi ace alemera kilogalamu 1.

Miyeso ya ku England iyenda motere:

Painti 1 ndiye mamililita 568.
Mapainti 8 ndiwo galoni 1.
Mapainti 7 ayandikira malita 4.
Magaloni 2 ayandikira malita 9.
Tini ya magaloni 4 iri malita 18, si 20 ai.
Diramu ya magaloni 44 iri malita 200.

Tsono wofuna kusandutsa magaloni akhale malita acurukitse ndi 9, nagawe ndi 2. Wofuna kusandutsa malita akhale magaloni acurukitse ndi 2, nagawe ndi 9.

Nkhaniyi si ya ana a sukulu okha. Mwana akatsegula m'mimba, amace apatsidwa kucipatala paketi ya madzi a moyo. Ngati papaketipo palembedwa lita 1, koma mai aisungunula m'botolo la painti, madziwo angoposa theka pang'ono. Mcere ucuruka, ndipo mwana wofoka kale angathe kudwalirapo. Momwemonso mlimi wopopera thonje: akacepetsa madzi aononga mankhwala ogula ndi ndalama, akacurutsa madzi mbozi sizifa.

Cifukwa cace nyumba iri yonse isunge botolo loyera limodzi lolembedwa lita 1, likhale loyesera zina zonse.

MAFUNSO
1. Magaloni 6 a ku England ali malita angati?
2. Cigubu ca malita 20 ciposa tini ya magaloni 4 ndi malita angati?