Phunziro la Lero: Kukula kwa Mwana M'mimba ndi Kupita Padera

Anyamata akumbuyoko, lekani kugwirana mapewa. Nkhaniyi ikukukhudzani inunso.

Pakati timawerenga masabata 40, kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza wa mayi. Dzira la mayi limabwera ndi makromozomu 23, mbewu ya bambo nayonso 23, ndipo zikakumana zimakwana 46. Mmenemo ndimo muli pulani yonse ya thupi la mwana, monga ya nyumba imene mmisiri sanayambe n'kukumba komwe maziko. Patapita pafupifupi sabata imodzi, kamluzako kamakakamira ku khoma la chiberekero. Pofika sabata ya 6 mtima wayamba kugunda, mayi mwina akungodabwa ndi nseru ya m'mawa. Pa sabata ya 12 mwana amatalika masentimita 5 kapena 6, zala zake zitalekana kale. Mayi amayamba kumumva akugunda pakati pa sabata ya 16 ndi ya 20.

Tsopano tcherani khutu. Mwa mimba 100 zodziwika, 10 mpaka 20 zimapita padera, zambiri asanakwane masabata 12. Pafupifupi theka la zimenezi zimachoka chifukwa makromozomu aja analakwika pachiyambi pomwe, ena kuchuluka, ena kuperewera, ndiye mluza umaleka kukula. Mayi sanalakwe kanthu. Si mtondo umene anasinja, si ndowa imene anasenza kuchokera ku mjigo, ndipo si azakhali amene anam'lodza. Zimandiwawa kuona mkazi ali ndi chisoni, achibale n'kumamuzenga milandu m'malo mom'pepesa.

Mwana akamwalira m'mimba kuyambira sabata ya 28, umenewo ndi mtayo, ndipo zoyambitsa zake zambiri n'zopeweka. Malungo amawononga nsengwa, mwana n'kumasowa chakudya. Chindoko chimapha mwana m'mimba, chikhalirecho jakisoni wa penisilini amachichiza. Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga nazonso n'zoopsa. N'chifukwa chake kusikelo amayeza magazi, kupereka Fansidar ndi neti, ndipo bungwe la WHO mu 2016 linalangiza kuti mayi aonedwe kasanu n'katatu asanachire.

Mukafika kunyumba, kauzeni akuluakulu kuti mayi woyembekezera akataya magazi, akatentha thupi, kapena mwana akasiya kugunda, apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mwamuna wake atam'perekeza.