Phunziro la methi: mbewu yabwino imasankhidwa m'munda

Methi, yemwe Aluya amati helba, ndi mbewu ya m'gulu la nyemba. Njere zake zachikasu, zowawa pang'ono, amakometsera ndiwo. Amalimidwa kwambiri ku Rajasthan m'dziko la India, komanso ku Ethiopia ndi Egypt.

Duwa la methi limadzibereketsa lokha, ndiye make mbuu, mwana mbuu: mbewu imatengera kholo lake. Pofuna kukweza zokolola, akatswiri amasonkhanitsa mitundu ya m'madera osiyanasiyana n'kuidzala moyandikana. Kenako amawerenga. Nthambi zingati pa tsinde? Makoko angati? Njere zingati m'khoko, poti zimakhala 10 mpaka 20? Njere 1,000 zikulemera bwanji? Tsinde la nthambi ndi makoko ambiri ndilo limadzaza dengu.

Komabe mitundu yobereka pang'ono sataya. Wina umacha msanga, wina umapirira ng'amba kapena matenda. Ukatha, watha basi.

Nyemba ndi khobwe wathu n'chimodzimodzi. Musadikire kusankha mbewu palichero mutapuntha kale, pamenepo kholo simungalidziwe. Yenderani munda, mangani kansanza pa tsinde lobereka bwino, mulikolole palokha. Ndipo mtundu wa agogo uja, usiyireniko mzere wake chaka chilichonse.