MWANA WA KU BOWE NDI MAYUNIVESITE OTCHUKA A KUNJA

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, m'midzi ya ku Bowe ndi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mumamveka funso limodzi lomwelo. Mwana wakhoza bwino, kapena wapeza mapointi 8 kapena 10, ndipo wina wamnong'oneza kuti nzeru zotere n'zoyenera Harvard kapena Oxford. Tsono makolo amanka kwa mphunzitsi kapena kwa mkatekisti nakafunsa kuti: Kodi mwanayu angalandiridwe kumeneko? Kodi tigulitse ng'ombe? Yankho losaona limapweteka pawiri: likakhala lokometsera limatha chuma cha banja, likakhala lofooketsa limakwirira mwana wa mphatso. Chifukwa chake wofunsidwayo ayenera kudziwa zoona.

1. Khomo lake ndi lopapatiza

M'chaka cha 2022 anthu 61,220 adapempha malo ku Harvard, m'dziko la America, koma olandiridwa adali 1,954 okha. Ndiko kunena kuti mwa anthu 100 alionse adalowa atatu. Ambiri mwa okanidwawo sadali ofooka ai. Adali akatswiri m'sukulu zao. Ndiponso malo ambiri amapita kwa nzika za America, ndipo otsalawo amalimbirana ana a ku India, China, Kenya, Nigeria ndi maiko ena onse. Motero kukhoza mayeso sikupatsa munthu mpando, kungomlola kuima pa mzere. Palibe munthu pansi pano amene angalonjeze mwana kuti adzalowa.

2. Zotchinga zinai

Choyamba ndi chikalata cha maphunziro. Ku Britain MSCE amaiona ngati yolingana ndi mayeso amene ana a kumeneko amalemba ali ndi zaka 16. Chotero Oxford ndi Cambridge salandira mwana ndi MSCE yokha, ngakhale apeze mapointi 6. Amafuna A-Level kapena International Baccalaureate, maphunziro a zaka zina ziwiri.

Chachiwiri ndi mayeso apadera. Mayunivesite ambiri amafuna umboni wa Chingerezi, monga TOEFL kapena IELTS, ndipo Harvard ndi Dartmouth adabwezeretsa mu 2024 lamulo lofuna mayeso onga SAT. Mayesowa ali ndi malipiro ake, ndipo salembedwa kumudzi.

Chachitatu ndi ndalama. M'chaka cha 2024 mtengo wa maphunziro, chakudya ndi pogona pa sukulu zotere udapitirira madola 80,000 pa chaka chimodzi. Fodya wa mudzi wathunthu sangakwane. Koma pano pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Mayunivesite owerengeka, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst, ndiponso Dartmouth kuyambira 2022, posankha ophunzira sayang'ana ngati munthu ali ndi ndalama, ngakhale akhale mlendo. Ndipo akamlandira amamlipirira zonse zimene banja lake silingathe. Kwa mmphawi, sukulu yovuta kulowa ndiyo imene ingamphunzitse ulere, pamene zambiri zosavuta kulowa zimafuna ndalama zonse.

Chachinai ndi chilolezo cholowera m'dzikomo, chotchedwa visa. Mu December 2025 boma la America lidaika Malawi ndi Zambia pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zidaimitsidwa kulandira mavisa ena, kuphatikizapo a ophunzira, kuyambira pa 1 January 2026. Malamulo otere amasintha. Chotero banja liyambe lafunsa ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe lisanatulutse tambala. Safunsa adadya phula.

3. Chitsanzo cha pafupi

Komabe khomo lopapatiza sindilo khomo lotseka. William Kamkwamba adabadwira ku Dowa m'chaka cha 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake adalephera kumlipirira sukulu, ndipo adaleka maphunziro ake pa sekondale ya Kachokolo. Sadakhale manja lende. Adayamba kubwereka mabuku ku kalaibulale ka pa sukulu ya Wimbe, ndipo m'buku lina lotchedwa Using Energy adaona chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Chingerezi chidamvuta, koma adatsata zithunzi. Adatola fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ndi dainamo, naimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, ndipo m'chaka cha 2002 nyali idayaka m'nyumba ya makolo ake.

Zitatero padapita zaka zinai dziko lisanamve za iye. Mu 2006 Dr Hartford Mchazime, mkulu wa za maphunziro, adakaona makinawo nabweretsa atolankhani, ndipo nkhani idatuluka mu Daily Times. Mwa khama la mkuluyo mnyamatayo adabwerera ku sukulu, pa sekondale ya Madisi m'boma lomwe lino la Dowa. Mu 2007 adaitanidwa kukalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kumene adapeza anthu omthandiza. Kenaka adaphunzira ku African Bible College Christian Academy ku Lilongwe, ndipo mu 2008 adalowa African Leadership Academy ku Johannesburg. Ku Dartmouth College adafika mu 2010, ali ndi zaka 23, namaliza mu 2014.

4. Zimene nkhaniyi iphunzitsa

Anthu ambiri posimba nkhaniyi amalumpha kuchokera pa nsanja ya bulugamu kukafika ku America, naiwala zaka zisanu ndi zitatu za pakati. Koma phunziro lenileni lili m'zaka zimenezo.

Poyamba, adali ndi ntchito yooneka ndi maso. Osankha ophunzira amawerenga makalata zikwizikwi a ana okhoza mayeso. Chimene amafunafuna ndi mwana amene wachitapo kanthu ndi zochepa zimene adali nazo. Samyesa mwana wa ku Bowe ndi muyeso wa mwana wa ku London, koma amafunsa kuti: pamalo pamene adali, adafika pati?

Kachiwiri, adali ndi mboni. Popanda munthu wodalirika womchitira umboni, nzeru zake zikadathera ku Masitala. Mutu umodzi susenza denga.

Kachitatu, adakwera makwerero, sukulu zitatu asanafike ku yunivesite. Ndipo kunena zoona, mwai wa nyuzipepala ndi wa othandiza a kutali sugwera aliyense. Nkhani yake ionetsa kuti n'zotheka. Sionetsa kuti n'zapafupi.

5. Makwerero amene alipo

Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene idatsegulidwa mu 1981, imaphunzitsa A-Level. Bungwe la United World Colleges limasankha ana m'maiko ambiri, Malawi yemwe, kukaphunzira International Baccalaureate pa sukulu zake, monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini. African Leadership Academy imalandira achinyamata ochokera m'Africa monse. Mastercard Foundation kuyambira 2012 yakhala ikulipirira ana a mu Africa osauka koma anzeru pa mayunivesite osiyanasiyana, monga Cape Town ndi Edinburgh. Ponseponse ofuna ndi ambiri, malo ndi ochepa.

Koma njira imene Amalawi ambiri ayendamo ndi ina: kuyamba watenga digiri kuno kwao, ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Blantyre, ku Thyolo kapena ku Nguludi, ndipo pambuyo pake kupempha thandizo la maphunziro ozama kunja. Thandizo la Chevening ndi la Commonwealth limatumiza anthu otere ku Britain, ndipo la Rhodes, limene Amalawi amaloledwa kupikisana nao, limatumiza ku Oxford. Mwana wosankhidwa ku yunivesite ya kuno sadataye Oxford ai. Wangotenga njira yotalikirapo koma yopondeka.

6. Udindo wa makolo, aphunzitsi ndi makatekisti

Banja lisagulitse munda kapena ng'ombe chifukwa cha lonjezo la munthu. Malo a ku mayunivesite otchuka sagulitsidwa, ndipo wonena kuti ali ndi mnzake m'katimo amene angatsegule khomo atalandira kangachepe ndi wakuba. Ngakhale ndalama yolembetsera, mayunivesite ambiri a ku America amaikhululukira mwana wosauka akapempha.

Mwana asakane malo amene wapatsidwa kuno podikira a kunja. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Kukonzekera kuyambe msanga, mu Fomu 2 kapena 3: kuwerenga mabuku a Chingerezi tsiku ndi tsiku, kusunga bwino malipoti a sukulu, ndi kudziwa masiku otsekera. Oxford ndi Cambridge amatseka pa 15 October, ndipo mayunivesite otchuka ambiri a ku America kumayambiriro kwa January.

Wopemphedwa kulemba kalata ya umboni alembe zimene waona ndi maso: kuti mwanayu adaphunzitsa anzake masamu chaka chonse, kapena adakonza mjigo wa m'mudzi, kapena adalera abale ake osaleka sukulu. Mau otamanda opanda chitsanzo alibe mphamvu, ndipo bodza likagwidwa limachotsetsa mwana ngakhale atalandiridwa kale. Kalata yofotokoza moyo wake mwanayo alembe yekha.

Potsiriza, diso lisagwe pa anyamata okha. Mtsikana wakhama amene akutunga madzi m'mawa asanapite ku sukulu ayenera kuonedwa ndi kuchitiridwa umboni chimodzimodzi. Ndipo mwana akakanidwa, asanyozedwe; pamene anthu 97 mwa 100 amabwezedwa, kukanidwa si manyazi.

Mafunso okambirana

(a) Kodi m'dera lino alipo mwana amene waleka sukulu chifukwa cha ndalama, chikhalirecho ali ndi mphatso? Ndani angamchitire umboni?
(b) Kodi mabuku obwereka amapezeka kuti pafupi, ndipo ana amawadziwa malowo?
(c) Kodi munthu wolonjeza malo a sukulu kunja angazindikirike bwanji kuti ndi wonyenga?