Phunziro: Zimene Masamba a M'mbali mwa Msewu Angatiuze

Abale ndi alongo a ku Naisi, magalimoto amene amayenda pa msewu wa M3, wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde kudzera pa Songani ndi pa Domasi, amasiya utsi. Utsiwo umatha msanga m'maso, koma mwaye wake umagwera pa masamba, pa tomato wa pamsika ndiponso m'mapapo mwathu. Makina oyezera mpweya ndi okwera mtengo, koma tsamba la mango tili nalo kale.

Nzeruyi si yongopeka. Mu 2013, Barbara Maher ndi anzake a pa yunivesite ya Lancaster ku England anaika mzere wa mitengo yaing'ono pakati pa msewu ndi nyumba, ndipo fumbi lolowa m'nyumbazo linachepa kupitirira theka. Linali litakakamira pa masamba.

Tiyeni tiyese m'mphakati mwathu. Nyengo yabwino ndi Ogasiti mpaka Okotobala, chifukwa mvula imatsuka masamba. Thyolani masamba okhwima khumi a mango woyandikana ndi msewu, mbali yoyang'ana kumsewuko, pofika mutu wa mwana. Thyolani ena khumi pa mango wina, mapazi 200 kuchoka pamsewu. Pukutani gulu lililonse ndi kansalu kake koyera konyowa, muumitse, mulembepo malo ndi tsiku.

Fumbi lofiira ndi dothi chabe. Chakuda ndiye chofunika kuchiyang'anitsitsa, pakuti kawirikawiri chimachokera ku utsi wa dizilo ndi matayala operepeseka. Koma tisafulumire kuweruza. Mtengo wa pafupi ndi khitchini kapena uvuni wa njerwa umadanso. Komanso mango wogwidwa ndi tizilombo toyamwa masamba amachita chuku chakuda chomata; tsamba lotere litayeni. Kansaluko sikangatiuze kuchuluka kwa poizoni. Kamangotionetsa malo amene aipa kuposa anzake, ndipo zimenezo n'zokwanira poyambira.

Nkhani ya petulo itilimbitse mtima. Kale ankathiramo mtovu, umene umaononga ubongo wa ana. Maiko a kuno kumwera kwa Sahara anasiya petulo wotere pofika 2006, ndipo Algeria inatsiriza mu 2021. Anasiya chifukwa panali anthu amene anayeza n'kuonetsa umboni.

Gawo 13 la Malamulo Oyendetsera Dziko limalamula boma kusamalira chilengedwe, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo. Choncho tinsalu tathu tisathere m'thumba. Tipite nato ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kuti nkhaniyo ikafike kukhonsolo.

Mafunso okambirana:
1. Kodi ana athu popita kusukulu amadutsa pamalo amene kansalu kanada kwambiri? Ilipo njira ina?
2. Amayi ogulitsa mandasi ndi ndiwo zamasamba pamsewu tiwathandiza bwanji kuvundikira malonda awo, osawalanda makasitomala?
3. Ndani adzabzala mitengo kutsogolo kwa sukulu mvula ikayamba, ndipo ndani adzaiteteza ku mbuzi?