Kwa Alangizi Atsopano: Kuwomba M'manja Sikumera

Inu achinyamata amene mwangotsiriza maphunziro ku Natural Resources College kapena ku Bunda, n'kutumizidwa ku dera la ulangizi (EPA) lakutali ndi tauni, tcherani khutu. Mudzapatsidwa midzi yambiri ndi njinga imodzi. Mwezi ukatha, akuluakulu adzafuna lipoti la misonkhano imene mwachititsa ndi chiwerengero cha anthu amene anabwera. Lembani ndithu, ndi ntchito imeneyo. Koma musadzinamize kuti onse amene anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kukuwomberani m'manja alandira uthenga. Mlimi walandira uthenga pokhapokha akachita chinthucho m'munda mwake, ndi zipangizo zimene ali nazo pakhomo.

Ntchito mwalowayi ili ndi mbiri, ndipo mbiriyo idzakutsogolerani m'mudzi. M'zaka za m'ma 1950, boma la atsamunda linkakakamiza anthu kuunga mizere yopingasa ndi migula, lamulo lomwe anthu ankangolitcha malimidwe. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, ena kutsekeredwa kumene. Nzeru yoteteza nthaka inali yabwino, koma poti idabwera ndi chiopsezo, anthu adadana nayo pamodzi ndi woibweretsa. Padadza nyengo ya achikumbe, pamene mlangizi ankathera nthawi yambiri kwa alimi ochepa opeza bwino. Mu 2000 boma lidakhazikitsa ndondomeko yoti ulangizi uziyankha zimene alimi eni ake akufuna. Komabe mukamva gogo akuti "tamva, alangizi," dziwani kuti nthawi zambiri ndi ulemu chabe. Kuvomera kwenikweni mudzakuona m'mizere.

Choyamba, lankhulani m'miyeso ya mlimi. Buku limati mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, njira ija anthu amaitcha Sasakawa. Mayi amene wakula akubzala njere zitatu pa phando alibe tepi yoyezera, ndipo sangasunge manambala atatu kuchokera pamsonkhano mpaka tsiku lobzala. Dulani ndodo ziwiri, yaitali ndi yaifupi, pamaso pa onse. Aliyense adule zake poyerekeza ndi zanuzo, apite nazo kwawo. Feteleza muyezeni ndi chitsekerero cha botolo, muboole dzenje pakati pa mapando, muthire, mukwirire, kenako mupatse mlimi achite yekha inu mukuyang'ana. Musanene za mahekitala kwa munthu amene amawerenga maekala. Ndipo mukalangiza za matumba awiri kwa munthu amene wagula feteleza wa m'mbale pamsika, mwalankhula ndi mlimi wina amene palibe pamenepo. Muuzeni chochita ndi kochepa ali nakoko: athire pati, asakanize bwanji ndi manyowa, gawo lina la munda abzalemo nandolo kapena soya.

Chachiwiri ndi nthawi. Za mbewu ndi kukonza munda zinenedwe mu Seputembala ndi Okutobala, anthu asanagule. Chenjezo loti chizimalupsa si mvula yobzalira limveke mitambo isanayambe kusonkhana. Za urea, feteleza wobereketsa uja, zikumbutsidwe chimanga chikamakwanitsa masabata atatu chimerere. Za anankafumbwe ndi chuku cha mtedza ndi nkhani za nthawi yokolola. Uthenga wabwino wofika mochedwa umangomupweteketsa mutu mlimi. Samalaninso ola la msonkhano. Ambiri ogwira khasu ndi amayi, koma mukaitanitsa anthu m'mawa iwo ali kumunda, kapena tsiku la msika, mudzapeza abambo ochepa okhaokha. Dzerani kwa amfumu, funsani amayi nthawi yowakomera, ndipo kukagwa maliro sinthani tsiku osadandaula.

Chachitatu, sankhani bwino munda wachitsanzo. Chiyeso chake n'chakuti muuike kwa munthu wa ng'ombe ndi ngolo, m'mbali mwa msewu, kuti alendo ochokera ku ofesi yaikulu ya zaulimi (ADD) adzasangalale pa tsiku la chionetsero. Chimanga chidzakongola, koma odutsa adzangoti, "Amenewo ndi olemera." Akatswiri Ariel BenYishay ndi Mushfiq Mobarak, pofufuza m'midzi ya kuno ku Malawi za kubzala m'mayenje ndi kupanga manyowa, adapeza kuti alimi amatengera kwambiri mnzawo wofanana nawo pa kapezedwe ndi kukula kwa munda. Kafukufuku wina wotsatira adaonetsa kuti ambiri amadikira kuona njira yatsopano kwa anthu oposa mmodzi asanaiyese. Choncho musadalire mlimi wotsogolera mmodzi yekha. Pezani awiri kapena atatu odziwana ndi anthu ambiri, mmodzi akhale mayi wosamalira banja yekha. Theka la munda alime mwachizolowezi, theka linalo mwatsopano, kuti maso aweruze okha.

Chachinayi, uthenga uziyenda mbali zonse ziwiri. Mbozi za ntchemberezandonda zitasakaza chimanga mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, mankhwala anali osowa ndi okwera mtengo. Alimi sadakhale manja lende. Ena ankathira dothi kapena phulusa pamtima pa chimanga, ena msuzi wa usipa kuti uitane nyerere zidye mbozizo. Mlangizi wodzimva akadangoseka. Wanzeru adagwada n'kutsegula mtima wa chimangacho, kuona ngati mbozi yafa, n'kukauza ofufuza a ku Chitedze kapena Bvumbwe. Zina mwa nzeru zotere zimagwira ntchito, zina ayi, koma simungadziwe musanafunse. Inunso akakufunsani chimene simukuchidziwa, nenani kuti mukafunsa, mutchule tsiku lobwera ndi yankho, ndipo mubweredi. Yankho longopeka likaotcha mbewu za munthu, mudzi wonse udzatseka makutu kwa zaka.

Wailesi ndi foni ndi anzanu. Kale tinkadalira magazini ya Za Achikumbi ndi galimoto yachikasu yoonetsa kanema madzulo. Lero kuli mawailesi a m'madera, mapologalamu a Farm Radio Trust, nambala ya 321 pa Airtel, ndi magulu a WhatsApp. Gwiritsani ntchito zonsezo. Jambulani mawu aafupi m'chiyankhulo cha deralo, Chiyao ku Mangochi, Chisena ku Nsanje, Chitumbuka ku Rumphi, chifukwa si onse amawerenga. Kumbukirani kuti m'mabanja ambiri foni imayenda m'thumba la abambo, ndipo njira yomweyo imene inu mukutumizira malangizo ndi imenenso ogulitsa mbewu zachinyengo amadzeramo. Wailesi imauza dziko lonse kuti mvula ichepa chaka chino. Wouza mlimi wa kumtunda ndi wa kudambo chochita aliyense ndinu.

Tsono msonkhano ukatha, musathamangire kulemba lipoti. Pakapita masabata awiri bwererani osalengeza, mulowe m'minda ya anthu asanu amene anakhala kumbuyo osalankhula. Yezani mapando, funsani chimene chawavuta. Mukapeza atatu achita, pitirizani momwemo. Mukapeza palibe ndi mmodzi yemwe, musawatche osamva; sinthani kanenedwe, nthawi kapena malangizo enieniwo, mvula isanapite.