Anthu 25 Angakoke Bwanji Ndege? Tiyeni Tikafunse ku Senga Bay

Pa bwalo la ndege la Dulles ku America pamachitika mpikisano wosonkhetsa ndalama zothandizira Special Olympics Virginia, bungwe la masewera a anthu aulumali wa m'maganizo. Gulu la anthu 25 limagwira chingwe n'kukoka ndege yolemera matani oposa 70 kwa mtunda wa mamita pafupifupi 3.7. Amene afikitsa msanga ndiwo apambana. Ku Canada, m'chaka cha 2009, m'busa wina dzina lake Kevin Fast anakoka yekha ndege yankhondo ya matani 188 kwa mamita 8.8.

Ndikawauza izi ana anga a Fomu 3, ena amati, "Aphunzitsi, amenewo ndi mankhwala basi!" Ayi ndithu, ndi physics yomweyi ya m'silabasi ya MSCE, ndipo asodzi a ku Senga Bay kuno ku Salima amalimbana nayo m'mawa uliwonse pokokera maboti kumtunda.

Sukunyamula, ukukoka

Kulemera kwa ndege kumaloza pansi, ndipo nthaka ndiyo imakusenza. Wokoka sakulimbana nako. Mdani wake ndi friction, mphamvu yokaniza imene imabwera zinthu ziwiri zikamakhulana. Chinthu chogudubuzika chimakumana ndi friction yochepa kwambiri kusiyana ndi chokwakwaza pansi. N'chifukwa chake wilibala imapepuka.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. Ndege ikhale 75,000 kg, ndipo g tiitenge 10 N/kg. Kulemera kwake ndi 750,000 N. Matayala olimba pa simenti yosalala amakaniza pang'ono chabe, tinene 0.015 ya kulemerako:

0.015 × 750,000 = 11,250 N

Tikagawira anthu 25, aliyense akufunika 450 N. Kunyamula thumba la chimanga la 50 kg kumafuna 500 N. Mwaona? Aliyense akugwira ntchito yosakwana n'thumba limodzi lomwe.

Tsopano tibwere kugombe. Boti lamatabwa la 500 kg limalemera 5,000 N. Lilibe matayala, limakwakwaza pa mchenga, ndiye tiyerekeze kuti friction ndi theka la kulemerako, 2,500 N. Ndege ija ikuposa botili kulemera ka 150, koma mphamvu yoikokera ikungoposa ka 4.5. Apa mpamene pali nzeru yoika zipika pansi pa boti: likamagudubuzika pa zipikazo, anthu ochepa amalikwanitsa.

Mphamvu ili kumapazi

Lamulo lachitatu la Newton limati ukakankha chinthu, nachonso chimakukankha ndi mphamvu yofanana. Wokoka chingwe amakankha nthaka ndi mapazi, nthaka n'kumubwezera. Friction yomwe inali mdani pa boti, kumapazi yasanduka bwenzi. Munthu wa 70 kg wovala nsapato za labala pa simenti youma angakoke ndi mphamvu ya pafupifupi 560 N asanaterereke, ngati titenga 0.8 × 700 N. Pa mchenga wofewa mapazi amangotitimira n'kuseserekera, kotero ngakhale chimphona chimachepa mphamvu.

Anthu 25 aja onse pamodzi apanga 14,000 N. Tikachotsa 11,250 N, yotsala ndi 2,750 N. Lamulo lachiwiri, F = ma, likutipatsa a = 2,750 ÷ 75,000, pafupifupi 0.037 m/s². Liwiro limakwera pang'onopang'ono ngati nkhono, koma pa masekondi opitirira pang'ono 14 ndege yadutsa mamita aja.

Nanga nyimbo ija njachiyani?

Kuyambitsa chinthu kuyenda n'kovuta kuposa kuchipitiriza, chifukwa friction ya chinthu choima imakhala yaikulupo. Asodzi akamakoka khoka kapena boti, mmodzi amatsogolera mfuu kapena nyimbo kuti onse adzutse mphamvu nthawi imodzi. Akakoka aliyense payekhapayekha, mphamvu sizifika pa mlingo wofunika ndipo boti silisuntha. Paja mutu umodzi susenza denga. Komanso onse ayenera kukhala pa mzere umodzi. Wokokera chammbali pa 60° amathandiza ndi theka lokha la mphamvu yake, popeza cos 60° ndi 0.5.

Chenjezo

Chingwe chokokedwa chimasunga mphamvu ngati legeni. Chikaduka chimakwapula. Musachikulunge kudzanja, chifukwa chingathe kudula chala. Kokani ndi miyendo, msana uli wowongoka. Ndipo kumbukirani lamulo loyamba: chinthu cholemera chikayamba kuyenda sichiima msanga, ndiye musaime kutsogolo kwake.

Ntchito yanu

Kalabu yanu ikufuna kusonkhetsa ndalama zogulira mabuku pokoka minibasi ya 2,000 kg pa bwalo lafumbi losatsetsereka, dalaivala ali pa buleki. Friction ikhale 0.05 ya kulemera kwake, ndipo wophunzira aliyense akoke ndi 250 N. Pakufunika ophunzira angati kuti afanane ndi friction? Mukaonjezera awiri, acceleration ikhala yotani? Onetsani njira yonse ndi mayunitsi, chifukwa pa mayeso a MANEB yankho lopanda njira limataya malikisi.