Chimbudzi Chakale Chikatha, Timange Chotani pa Doko Lathu?

Pafupifupi pa doko lililonse pali chimbudzi chimene chinatha ntchito. China chinadzaza, china chinagumuka ndi mvula, china chinamira pamene madzi a nyanja ya Malawi anasefukira mu 2024. Kawirikawiri timangokumba dzenje lina pambali ndi kumanga chofanana ndi chakale, ndiye mvula ikabwera chimagwanso. M'phunziro lino tiona momwe tingadziwire mtundu wa chimbudzi chakale ndi kusankha choyenera kulowa m'malo mwake.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Pa doko pakasowa chimbudzi, anthu amadzithandiza m'madzi kapena m'mabango. Madzi omwewo ndi amene timamwa, kutsukira nsomba komanso kusambitsira ana. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Marichi 2022 inafalikira dziko lonse ndipo inapha anthu oposa 1,700. Maboma a Mangochi ndi Salima anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Nalonso likodzo limafala pamene mkodzo kapena chimbudzi cha wodwala chalowa m'madzi momwe muli nkhono. Tisaiwalenso kuti ntchentche yochokera ku chimbudzi chosavindikira ndi yomweyo imene imatera pa usipa uli pa thandala.

Tidziwe mtundu wa chimbudzi chakale

1. Chokumba wamba. Pamwamba pa dzenje anayala mitengo ndi kuzira ndi dothi. Chiswe chikadya mitengo, pansi pamachita ming'alu.

2. Cha sanipulati. Chili ndi kasilabu ka simenti ka masentimita pafupifupi 60 mbali zonse, kokhala ndi popondera ndi chivindikiro chothina.

3. Cha VIP. Chimadziwika ndi paipi yotuluka pamwamba pa denga, yokhala ndi sefa kunsonga yotchinga ntchentche. M'kati mumakhala kamdima ndipo bowo silivindikiridwa. Mtunduwu unayambira ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970.

4. Cha maenje awiri, chotchedwa Fossa Alterna. Maenje ake ndi osaya, osapyola mita imodzi ndi theka, ndipo amagwiritsidwa ntchito mosinthana.

5. Cham'mwamba, chotchedwa Skyloo. Chili ndi masitepe, zipinda ziwiri zosungira zonyansa pamwamba pa nthaka, ndi njira yakeyake ya mkodzo.

Kodi chinatha bwanji?

Tisanagule simenti, tiyambe tafunsa chimene chinapha chimbudzi chakale. Yankho lake ndi limene litiuze chomanga.

Ngati chinangodzaza koma dzenje silinagumuke, ndiye kuti nthaka ndi yolimba. Pamenepo tikhoza kukumba china chofanana. Silabu yakale ikakhala yopanda mng'alu tiitsuke ndi kuigwiritsanso ntchito.

Ngati dzenje linagumuka, vuto ndi mchenga. Dzenje latsopano likhale lozungulira, osati la ngodya zinayi, ndipo tiliwake ndi njerwa kuchokera pansi. M'munsi tisiye timipata totulukira madzi, koma theka la mita lakumwamba timate ndi simenti.

Ngati m'dzenje munkatuluka madzi m'dzinja, kapena malowo amasefukira, tisakumbenso dzenje lakuya. Pansi pa dzenje payenera kutalikirana ndi madzi a pansi pa nthaka ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Kumene izi sizingatheke, Skyloo ndiyo yoyenera chifukwa zonyansa sizikhudzana ndi madzi.

Ngati anthu anachithawa chifukwa cha fungo ndi ntchentche, tiganizire za VIP. Paipi yake ipitirire denga ndi theka la mita, ndipo sefa ikang'ambika tiisinthe msanga.

Kwa banja limene lili ndi dimba, Fossa Alterna imathandiza pawiri. Aliyense akatha kudzithandiza amathira dothi ndi phulusa. Dzenje likadzaza timalikwirira kwa chaka chathunthu, kenako timafukula manyowa. Tisafukule chaka chisanakwane chifukwa mazira a njoka za m'mimba amakhala asanafe.

Koma tichenjere. Skyloo ndi Fossa Alterna zimafuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku. Pa doko pofika alovi ndi amalonda ambiri, zimenezi zimayenda bwino pokhapokha pali munthu woziyang'anira. Popanda woyang'anira, anthu amathiramo madzi ndi mapulasitiki ndipo sizichedwa kuonongeka.

Malamulo a chimbudzi chilichonse

Chikhale pa mtunda wa mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera ku nyanja, chitsime kapena mjigo, ndipo chisakhale kumtunda kwa chitsime. Pokumba tiyang'ane pamene madzi anafika chaka chimene nyanja inadzaza kwambiri, osati pamene ali m'chilimwe. Pakhomo pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Dzenje lakale tisiye kuligwiritsa ntchito pakatsala theka la mita kuti lidzaze, ndipo tilikwirire bwino ndi dothi kuti ana asagweremo.

Udindo wa komiti

Mutu umodzi susenza denga. Komiti ya BVC iyendere zimbudzi zonse za pa doko pamodzi ndi a mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo ilembe mtundu wa chilichonse ndi vuto lake. Igwirizane ndi eni zida ndi amalonda za momwe ndalama zomangira zingasonkhedwere, ndipo msungichuma azifotokoza poyera momwe zayendera. Amayi akhale ndi chawo, abambo chawonso. Ntchito yomanga ithe mvula isanayambe, nthaka ikadali youma.

Mafunso okambirana pa msonkhano

1. Pa doko lathu pali zimbudzi zingati, ndipo ndi zingati zikugwira ntchito?
2. Chimene chinagwa posachedwa chinagwa chifukwa chiyani?
3. Ndani adzayang'anire chatsopano chikamangidwa?